Malipenga a M'kabati ya Galasi

Panali munthu wina kumunsi kwa minda ya tiyi, dzina lake Namakhwa. Pa unyamata wake ankaimba lipenga m'bandi ya pa esiteti. Bandiyo inatha, anzake anatha, mano ake akutsogolo nawonso anatha. Tsono munthu wopanda mano saimba lipenga, mpweya umangothawira m'mbali. Chimene chinamutsalira ndi kamlomo kamkuwa ka lipenga lake lakale, kaja woimba amakagunditsa pamilomo. Ankayenda nako m'thumba la jekete.

Chaka china mpingo wake unalandira mphatso kuchokera kwa abale akutali: malipenga asanu ndi atatu, atsopano, onyezimira. Namakhwa atawaona anagwetsa misozi. Mumtima anati, "Milomo yanga inafa, koma makutu ali moyo. Ndiphunzitsa ena."

Akulu a mpingo anali ndi maganizo awo. Anagula kabati ya galasi ndi loko wamkulu, naika lamulo lakuti lipenga aligwire yekhayo amene akudziwa kale kuimba.

Namakhwa anapita kwa mkulu wosunga kiyi.

"Abambo, nanga munthu adziwa bwanji asanaligwire?"

"Akadziwa abwere, a Namakhwa. Izi si zidole. Eni ake akadzabwera kudzaona, tidzawaonetse zopindika? Komanso inu mukuvutikiranji, m'kamwa muli usinini wokhawokhamo?"

Amene anali pamenepo anaseka. Namakhwa sanaseke.

Loweruka lililonse akuluwo ankatulutsa malipenga, kuwapukuta kunja kokha, n'kuwabwezera. Alendo akabwera ankajambulitsa pambali pa kabati. Koma Namakhwa ankadziwa kuti lipenga losaimbidwa limauma mabatani. Limafa m'kati, kunja likuseka.

Mumpingomo munali mayi wina wamasiye wotchola tiyi, Nangondo, wa chifuwa champhamvu. Tsiku lina iye ndi anzake atatu anamutsatira Namakhwa potuluka m'tchalitchi.

"Agogo, ife tizingowaonera pagalasi ngati diresi la m'sitolo? Mtanga wa tiyi timausenza tsiku lonse, ndiye tilephere kachitsulo?"

Mwambo wa mpingowo Namakhwa ankaudziwa bwino. Wothyola za m'tchalitchi amadulidwa, ndipo wodulidwa akamwalira amapita kumanda chete, popanda nyimbo ngakhale imodzi. Iye amene anaimbira maliro a anthu osawerengeka ankaopa chete ameneyo kuposa imfa yeniyeniyo. Ndipo msinkhu wake sunali wonena kuti tidzakonza m'tsogolo.

Lolemba masana, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona, anatenga nyundo ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera. Analowa m'tchalitchi, amayi aja akumutsatira, namenya loko. Mabatani ena anali atauma kale. Anawadonthezera mafuta, napereka malipenga m'manja mwa amayi aja.

Phokoso loyamba linali ngati mbuzi yokoledwa chingwe. Amayi anaseka mpaka kugwa, ndipo m'kusekako lipenga la Nangondo linagunda benchi n'kupindika kukamwa. Akulu anafika ali wefuwefu, nalanda zonse.

Lamulungu anamuimika kutsogolo kwa mpingo.

"Ingonenani kuti ndalakwa, a Namakhwa, nkhani ithe. Ganizani za tsiku lanu lomaliza."

"Ndaganiza kale," anatero Namakhwa. "Loko ndathyola ndine, ndipo mukagula wina mubisenso nyundo za m'mudzi muno. Pa malipenga onsewa, lopindikalo ndi lokhalo limene ladziwa chimene linabwerera. Kupepesa ayi."

Anamudula tsiku lomwelo. Anatuluka yekha, chipewa kumanja.

M'mawa mwake anapita kudimba kwa mphwake, napempha payipi wakale wothirira mbewu, wobooka m'malo ambiri. Anadula zidutswa zabwino, china chachitali, china chachifupi. Kumapeto kwa chilichonse anamangirira botolo lapulasitiki lodula pakati. Kamlomo kake kamkuwa anakaika patsogolo pake, nasema tina tamtengo tofanana nako.

Amayi anabwera ataweruka, manja akununkha masamba a tiyi.

"Agogo, uyu ndi payipi wa tomatotu uyu!"

"Ndiye imbani tomato apse. Mpweya uchoke m'mimba, Nangondo, osati m'masaya ngati chule."

Payipi alibe mabatani, amatulutsa mawu ochepa okha. Choncho Namakhwa anawagawira nyimbo ngati ndiwo zochepa: wa payipi wamtali mawu ake, wa wamfupi mawu ake, aliyense kudikira mpata wake. Iye ankangoimba ndi pakhosi n'kumagogoda pansi ndi ndodo. Wina akaphonya, ndodo inkaloza iyeyo. Anthu odutsa ankati nkhalamba yapenga. Amayi anayi anakhala asanu ndi awiri, kenaka panabwera amuna awiri amene poyamba ankaseka.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Kenaka Namakhwa anamwalira.

Mkulu wa kiyi anabwera pasiwa kudzakumbutsa anamfedwa lamulo. "Mabuku a nyimbo asatsegulidwe, kwaya isaimbe. Munthuyu anadzichotsa yekha."

Bokosi linanyamuka chete. Zinkamveka ndi nsapato zokha. Atafika pamphambano, Nangondo anamasula chitenje chimene chinali m'khwapa, natulutsa payipi wake. Kumlomo kwake kunali kamkuwa kaja. Anzake anatulutsanso awo.

"Mayi, mwamva lamulo!" anatero mkulu uja.

"Tamva, abambo. Buku silinatsegulidwe, kwaya ili duu. Payipiyu ndi wa kudimba, sanabatizidwe. Mumudule ngati mungathe."

Anauzira. Liwu linatuluka lakuya, lonjenjemera, anzake nalilandira mmodzimmodzi mpaka nyimbo inaima yathunthu. Inakwera m'minda ya tiyi, otchola anatula mitanga n'kutsikira kumsewu. Namakhwa anafika kumanda ndi gulu limene mudziwo unali usanaonepo. Ndipo kutchalitchi malipenga anali phee m'kabati, akunyezimira, mavu atamanga zisa m'kati mwake.

Tsono inu amene mwagwira makiyi, kaya a kabati, kaya a chipinda cha mabuku, kaya a makompyuta ofunditsidwa nsalu kusukulu uko, mverani. Mumati mukusunga. Simukusunga, mukukwirira. Khasu limawala ndi kulima, ndipo chida chimene wophunzira sanachipindepo ndi maliro ovala suti. Mudzachoka, makiyi adzatsala, ndipo mavu ndiwo adzakuthokozeni.

Ndi inu amene mwaima kunja kwa galasi, musadikire kuti akuitaneni, sadzakuitanani. Kabati angatseke, dzina lanu angalifufute. Koma mpweya uli m'mimba mwanu ulibe loko. Pitani kudimba, payipi aliko.