Sanda ya Bambo mu Filimu ya Mahrukh

Mahrukh anali mtsikana wa mutu wakuthwa, koma phuma ndiye linali matenda ake. Pakoleji yawo ku Rawalpindi anapatsidwa ntchito yojambula chiyambi cha filimu yoopsa, mphindi ziwiri zokha. Ataonetsa yake m'kalasi, mphunzitsi wawo, mayi Tehmina, anapukusa mutu. Anati mdima unalipo, chitseko cholira chinalipo, koma filimu yamtunduwu imafuna chinthu choti woonera akangochiona tsitsi liime.

"Choopsa chake n'chiti apa, Mahrukh? Ngakhale mphaka wanga sangadzuke nazo izi."

Anzake anafa nacho chiseko. Mtsikanayo anafika kwawo atatupa ndi mkwiyo, n'kulunjika ku bokosi lachitsulo la mayi ake kukasaka chovala cha mzukwa. Pansi pa mabulangete anapeza nsalu zitatu zoyera mbee, zopindidwa bwino. Mayi akewo anali pakhonde pomwepo akusankha mpunga, koma ayi ndithu, mwana anangosolola yaikuluyo n'kuikankhira m'chikwama. Kalanga ine! Imeneyo inali sanda ya bambo ake, nsalu yodzakulungira thupi lawo. Anaitenga ku Makka ataiviika m'madzi opatulika a chitsime cha Zamzam, ndipo chiyambire kudwala impso ankakumbutsa mkazi wawo kawirikawiri kuti asadzawaike m'nsalu ina.

Mahrukh anaiboola maso awiri, kuing'amba m'munsi, kuipaka utoto wofiira, kuikoka m'matope, n'kuveka mnzake wamtali. Ulendo uno kalasi yonse inati zii. Mayi Tehmina anayamikira chimodzichimodzi: kuwala kochepa, kamera yoyenda ngati munthu wozemba, phokoso lodukiza mwadzidzidzi. Koma chimene chinawagwira mtima chinali mzukwawo, anati unkachita kuoneka ngati wangotuluka m'manda. Mahrukh anataya sanzazo kudzala la pakoleji, n'kubwerera kwawo mapewa ali m'mwamba.

Patatha masabata atatu, bambo ake anatsamira mkono Lachisanu m'mawa. Pa chipembedzo chawo maliro sagonera, anayenera kuikidwa tsiku lomwelo. Osambitsa thupi ataitanitsa sanda, mayi ake a Mahrukh anatsekula bokosi lija, n'kupeza nsalu ziwiri. Anakhuthula zonse pansi. Apo m'pamene Mahrukh, ataima pakhomo, anazindikira chimene anadula ndi lumo lake.

"Ammi, mayi anga, ndine. Sindimadziwa."

Mayi ake anamuyang'ana maso ali gwa, osagwetsa msozi.

"Ndinali pakhonde, mwanangu. Pakamwa unalibe?"

Amalume ake anathamangira kumsika kukadulitsa nsalu wamba, ndipo bambo uja anatsikira m'manda atakulungidwa ndi chimene anachikana ali moyo. Filimu ya Mahrukh inapambana onse m'kalasi, koma mwini wake sanaionerenso. Mayi ake sanamukalipire, sanamumenye, anangoika loko pabokosi lija, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa ndodo.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.