Mlangizi Amene Anabisa Mbuzi

Kudera lina kunali mlangizi wa zaulimi, munthu wophunzira kwambiri. Digiri yake yachiwiri anaipeza ndi ngongole ya boma, chifukwa fizi yake, abale anga, ngakhale akanagulitsa munda wa bambo ake sikanakwana. Koma atayamba kulandira malipiro abwino, ngongole ija anaiiwala. Maso ake anali pa galimoto.

Ntchito imene ankaikonda inali ya mbuzi zopatsirana. Banja limalandira mbuzi yaikazi, ndipo ikaswa, mwana woyamba amapita ku banja lina. Munthu akabisa mwana wa mbuzi, mlangiziyu ankamudzudzula mpaka thukuta kamukamu.

Ku ofesi kwake kunali mtsikana wanzeru zedi, amene yunivesite inamutenga kuti nayenso akachite digiri yachiwiri. Atapempha ngongole, anamuuza kuti thumba lauma, oyamba kutenga sakubweza. Ku yunivesite anati malo ake amusungira chaka chimodzi chokha.

Tsiku lopatsirana mbuzi linafika. Mayi wina wamasiye anatulukira akuvina, kamwana ka mbuzi kali m'manja, nthungululu zili pakamwa.

"Mayi, sizikukupwetekani?" anafunsa mlangizi.

"Zindipweteke chifukwa chiyani, alangizi? Inenso anachita kundipatsa. Lero wopatsa ndine!"

Mlangizi anaseka nawo. Koma ataona mtsikana uja ataima pambali akuwomba m'manja, manyazi anamugwira. Wobisa mbuzi wamkulu pabwalo ponsepo anali iyeyo, wa tayi pakhosi.

Za galimoto anazisiya. Anayamba kubweza mwezi ndi mwezi, n'kuimbiranso foni anzake amene anaphunzira nawo: "Achimwene, mbuzi ija inaswa kalekale. Tulutsani mwana!" Ena anamudulira foni, ena anamuseka, koma ambiri anabweza. Chaka chisanathe, mtsikana uja anapatsidwa ngongole.

Tsiku lonyamuka, mlangizi anamangirira chikwama cha mtsikanayo pa njinga yake yakapalasa mpaka kukafika pa siteji ya basi, akuimba njira yonse. Anthu ankadabwa kuti munthu wopanda galimoto angasangalale chotere.

Abale ndi alongo, palibe pano amene anayamba ndi mbuzi yakeyake. Maphunziro, ntchito, chikhululukiro, zonsezi Mulungu anachita kutipatsa kudzera m'manja mwa ena. Ukazitsekera m'khola mwako, pali wina kumbuyo kwako amene chitseko chamutsekekera. Kulandira n'kokoma, inde, koma amene anavina tsiku lija anali wopatsa. Kodi mbuzi yanu sinaswe?