Keyala Yobwereka kwa Mvuu

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati inu ndi ine, Kangaude adaluka ukonde wokuta tchire lonse. Ulusi udachoka kuphiri kukafika kudambo, kuchoka kudambo kukafika kumtsinje. Moto ukabuka, uthenga unkathamanga pa ulusiwo kuposa mphepo. Madzi akasefukira, chimodzimodzi. Koma uthenga sunkangoyenda chiyendeyende ayi. Nyumba iliyonse inkayenera kukhala ndi keyala yake, nambala ya zigawo zinayi. Zigawo zoyambirira zinkatchula mudzi, zotsalazo n'kumatchula nyumba.

Tsono Kangaude adali wanzeru, koma kuuma mutu kwake sindingakufotokozereni. Adalamula kuti makeyala azigawidwa ndi miyeso itatu basi: nkhokwe, dengu ndi nsengwa. Wolandira nkhokwe, chigawo chimodzi chinkatchula mudzi wake, zitatu n'kutsalira nyumba, makeyala mamiliyoni. Wolandira dengu, ziwiri za mudzi, ziwiri za nyumba, makeyala zikwizikwi. Wolandira nsengwa, zitatu za mudzi, chimodzi chokha cha nyumba, makeyala 256. Pakati pa miyeso imeneyi padalibe kanthu. Pamphambano iliyonse ya ulusi padakhala mwana wa Kangaude, ndipo ntchito yake idali kuyang'ana nambala yoyamba. Ikakhala yaing'ono ankadziwa kuti ndi ya nkhokwe, yapakati ndi ya dengu, yaikulu ndi ya nsengwa. Akatero ankawerenga dzina la mudzi n'kuponya uthenga komweko, osafunsanso china.

Tsiku logawa, Njovu adalawirira. Banja lake lonse mukadaliwerenga ndi zala, koma adanyamula nkhokwe, akuti thupi lalikulu silinyamula nsengwa. Mvuu adatenga dengu. Fisi, yemwe ankagona yekhayekha m'phanga mkazi atamuthawa, nayenso adatenga dengu, akuti nsengwa ndi ya amphawi. Pofika masana madengu adali atatha psiti.

Atchete adafika mochedwa chifukwa idali nyengo yoluka zisa. Mudzi wawo udali mumtengo wa mthethe m'mbali mwa mtsinje, ndipo adatsogozedwa ndi Nangondo, mlonda wawo. Ntchito ya Nangondo idali kukhala kumtunda, kufupi ndi phiri, n'kumachenjeza anzake zoopsa zikamabwera. Adali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Ndaziona. Ndaziona adapeza mtengo utadzaza, choncho chisa chake chidali m'bango, kuseri kwa gulaye wa mtsinje, cholendewera pamwamba penipeni pa madzi. M'chisamo mudali tiana titatu tongoyamba kumera nthenga.

Atchete adawerenga zisa zawo n'kupeza 255. Adasangalala, akuti nsengwa ikwanira, keyala imodzi n'kutsalako. Sadadziwe mwambo wa Kangaude. Iye adachotsa keyala yoyamba, akuti imeneyo ndi dzina la mudzi, simukhala munthu. Adachotsanso yomaliza, akuti imeneyo ndi ya mfuu, yoitanira nyumba zonse nthawi imodzi. Adatsala makeyala 254. Aliyense adakumbatira yake, ndipo chisa chomwe chidatsala chopanda keyala chidali cha m'bango chija.

Nangondo adapempha dengu, adauzidwa kuti madengu atha. Adapempha nsengwa yachiwiri, Kangaude adakana, akuti mudzi umodzi muyeso umodzi, mitu ya ana ake a pamphambano yadzaza kale ndi maina. Nangondo adati ndiye apereke keyala yake yomwe kwa mwana wake. Pamenepo ndi atchete anzake amene adamukaniza, poti mlonda wopanda keyala sangatumize uthenga, ndipo mudzi wonse ungafe. Koma wopereka yake pakati pawo sadapezeke ndi mmodzi yemwe. Nkhani imeneyi imandipweteka mpaka lero.

Mvula idali pafupi. Nangondo adanyamuka, akuimba chapansipansi:

Nsengwa yachepa, Nangondo ine,
mwana wanga alibe keyala.

Adafika kwa Njovu. Adagwada n'kupempha keyala imodzi yokha. Njovu adali chigonere pamthunzi, nkhokwe yake ili pambali yosatsegula n'komwe, chiswe chikuzungulira miyendo ya nkhokweyo.

“Mayi inu, lero mukuti imodzi, mawa abwera ena,” adatero Njovu. “Nanga zidzukulutudzi zanga zidzakhala pati?”

Nangondo adathokoza, poti wamkulu amathokozedwa ngakhale wakumana, n'kunyamuka.

Adafika kwa Fisi akuimbabe nyimbo yake. Fisi adamulandira bwino kwambiri, ndipo mukaona Fisi akukulandirani bwino muzidziwa kuti pali nkhani. Adati makeyala ali nawo mbwee, angapereke ngakhale khumi. Iye ankangofuna kamwana kamodzi mwa tiana titatu tija kuti kazimusesera m'phanga. Akunena izi n'kuti dovu likuchucha. Nangondo adangouluka.

Adafika kwa Mvuu mawu atasasa. Dziwe la Mvuu lidali kutali, kudambo la kutsidya. Mvuu adamvetsera mpaka kumapeto, ndipo chisoni chidamugwira. Adati kupatsa n'kuika, dengu lake silidafike n'komwe pakati. Adatapamo keyala imodzi n'kumupatsa, osafuna kanthu.

“Pitani mukamupachikire mwanayo, achemwali. Akakula ana adzandione.”

Nangondo adalira ndi chimwemwe. Tsiku lomwelo adakapachika keyala ija pachisa cha Ndaziona, n'kumangirira ulusi kubango. Sadakamufunse Kangaude, poti adali atatopa naye. Mvuu nayenso sadaganize zofunsa. Onse awiri ankati keyala ili ngati khasu, ukabwereka limalima m'munda uliwonse. Adaiwala kuti zigawo ziwiri zoyamba za keyala ija zinkatchula dziwe la Mvuu, ndipo palibe akadazifafaniza.

Masiku adapita. Ulusi wa m'bango sudagwedezeke ngakhale kamodzi, koma iwo ankati ndi mtendere. Nangondo akafuna kuyankhula ndi mwana wake ankapita yekha madzulo, atanyamula tiziwala ta adzukulu, choncho cholakwikacho sichidaoneke.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina masana, kumudzi dzuwa lili phwee, mvula idagwa yambiri kuphiri. Nangondo ali paulonda adaona madzi akutsika, ofiira, atanyamula mitengo yathunthu. Adagwira ulusi n'kutumiza uthenga woyamba pa keyala ya mfuu, ndipo zisa zonse za mumthethe zidamva nthawi imodzi. Adatumiza wachiwiri pa keyala ya mwana wake. Atatero mtima udakhala pansi. Mapiko adali nawo, akadatha kuuluka yekha, koma adakhala kuti aziona madzi, monga mlonda amachitira.

Kumthethe kudali chipwirikiti. A zisa za m'munsi adatulutsa ana awo n'kuwakweza kunthambi za pamwamba. Wina adafunsa za Ndaziona, anzake n'kumuyankha kuti asadandaule, masiku ano ali ndi keyala, mayi ake amuuza kale. Palibe adapita kuseri kwa gulaye.

Uthenga wachiwiri uja udathamanga n'kufika pamphambano. Mwana wa Kangaude adayang'ana nambala yoyamba, yapakati. Adati ili ndi dengu. Adawerenga zigawo ziwiri, adati kwa Mvuu. Adauponya kudambo la kutsidya. Sadalakwitse kanthu, adachita zomwe adaphunzitsidwa.

Mvuu adali pansi pa madzi. Atavuuka adamva ulusi wa padziwe ukunjenjemera, mawu ake ndi a Nangondo: “Ndaziona mwana wanga, tulutsa ana ukwere nawo kumtunda. Madzi akubwera.” Mvuu adayang'ana uku ndi uku, padziwe padalibe Ndaziona. Kenaka adazindikira chimene chachitika. Adatuluka m'madzi n'kuthamanga monga sadathamangirepo, akuthyola tchire, akugwa, akudzuka. Koma Mvuu si mbawala, ndipo ulendowo udali wautali.

Mukudziwa kuti khomo la chisa cha tchete limayang'ana pansi. Madzi atakwera adayamba kutseka khomolo. Ndaziona adali m'kati, atafungatira ana, akudikira kuti kukakhala choopsa amva kwa mayi ake. Pomwe Mvuu ankafika, bango lonse lidali litapita. Padatsala ulusi wokha ukuyandama.

Nangondo adatsika madzulo ali ndi tiziwala kukamwa. Adapeza mudzi wonse uli moyo, ndipo palibe adamuyang'ana kumaso. Adapeza Mvuu ali chiimire m'matope, misozi ili mbwembwembwe. Adauluka kutsata mtsinje, akuitana dzina la mwana wake, mpaka mapiko adakana.

M'mawa mwake adapita kwa Kangaude.

“Uthenga wanu sudasochere, mayi,” adatero Kangaude. “Udafika kumene keyala inkanena.”

“Ndinkangofuna keyala imodzi,” adayankha Nangondo. “Kwa a Njovu akudyedwa ndi chiswe mamiliyoni. Kwa a Fisi akugonera dengu lathunthu munthu mmodzi. Ine ndidapempha imodzi.”

Patapita nthawi Kangaude adathetsa miyeso itatu ija, n'kulola kuti malire a mudzi ndi nyumba aziikidwa paliponse, mudzi uliwonse uzilandira molingana ndi kukula kwake. Akuti anthu a makompyuta nawonso adayamba ndi magulu atatu otere, A, B ndi C, koma adawasiya ataona kuti makeyala akutha pomwe ambiri akungogona. Koma madzi akatayika saoleka. Lamulo latsopanolo lidapeza bango litamera lina, ndipo Nangondo sadabwererenso paulonda. Ankangokhala pagulaye paja, kuyang'ana madzi.

N'chifukwa chake mpaka lero mukadutsa pamtengo wa atchete mumamva phokoso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Musamawanene kuti ndi olongolola. Amakhala akuitanana maina mmodzimmodzi, ngakhale wa chisa cha kutali, poti adasiya kukhulupirira kuti wina wamuuza kale.

Phunziro lake ndi ili, abale anga: pogawa zinthu, yesani munthuyo, osamukakamiza kulowa mu muyeso umene mudakonza musadamuone. Ndipo mukakundika zomwe simudzagwiritsa ntchito, dziwani kuti pali wina amene akufa chifukwa chosowa chimodzi chokha. Nthano yanga yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata zanu, ine yanga sindidya.