Kabala ka Nachisale

Ana inu, pali mawu ena opepuka pakamwa amene anthu amawayesa mankhwala. Mverani zimene zinamuonekera Nachisale, mtengwa wina wa ku Mitundu.

Nachisale anadwala mtima. Kachitseko kamene magazi amatulukirapo mumtima kanauma, moti akangoyenda pang'ono ankapuma mwawefuwefu. Anamutumiza kuchipatala cha kunja, ndipo madokotala kumeneko sanang'ambe chifuwa chonse ayi. Anangocheka pang'ono pakati pa nthiti, n'kuchotsa kachitseko kouma kaja, n'kuikapo kena. Pomutulutsa anamuuza kuti asasinje, asanyamule cholemera, mpaka m'kati mutapola.

Atabwerera kumudzi kwa mwamuna wake, amayi anadzaza nyumba kudzamuzonda. Apongozi ake, mayi Nankhoma, anati, "Tationetsani balalo, Anachisale."

Iye anatsitsa bulauzi. Bala lake linali lotalika ngati chala basi.

"Kameneka?" anatero apongoziwo. "Malemu amuna anga atawachita opaleshoni ya m'mimba, bala linachoka apa kufika apa. Amenewo ndiye anali odwala. Awa angokakwera ndege awa."

Nyumba yonse inafa nalo phwete. Anthu oti jakisoni yemwe amamuthawa, tsiku limenelo anasanduka madokotala! Nachisale anayesa kufotokoza kuti bala lenileni lili m'kati, koma mawu a mtengwa amamva ndani?

Posakhalitsa kunadza chinkhoswe cha mlamu wake. Pamudzipo mwambo unali woti mtengwa ndiye woyamba kugwira munsi pokonola chimanga cha phwando. Nachisale atakhala pamphasa, apongozi anayankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Kodi tinatenga mkazi kapena mlendo? Ulesi winawu umabisala kuchipatala."

Nachisale anayang'ana mwamuna wake, Gerevazio, amene ankadziwa bwino zonse zimene madokotala ananena. Koma mwamuna wamanthayo anangomunong'oneza kuti, "Ingogwiraniko pang'ono, amayi mwana, anthu asatinene." Zochititsa manyazi! Anaopa pakamwa pa anthu kuposa maliro a mkazi wake.

Nachisale anadzuka, misozi ili lengelenge, n'kunyamula munsi. Mphale isanayere n'komwe, anamva m'nthiti kung'ambika, bulauzi n'kufiira. Mankhwala amene ankamwa anali oletsa magazi kuundana, choncho magazi sanasiye kutuluka. Anagwa pambali pa mtondo, oseka aja n'kuyamba kulira ndi kuthamangira galimoto.

Moyo wake unapulumuka mwamwayi, koma bala linatukusira, ndipo anagona m'chipatala mpaka mvula inagwa. Tsiku lina apongozi anabwera ndi phava la nthochi, nakhala pansi pafupi ndi bedi.

"Pepani, mpongozi wanga. Ife sitinkadziwa."

"Ndinakuuzani, amayi," anayankha Nachisale motsitsa mawu. "Simunafune kumva. Pepani wanuyo ndamumva, koma usiku sindigona ndi ululu. Pepani sapoletsa chilonda."

Atatuluka m'chipatala, Nachisale analunjika kwawo kwa makolo ake, ndipo dzanja lake lamanja silinagwirenso khasu.

Mawu akewo ndiwo mwambi umene mumaumva lero, wakuti pepani sapoletsa chilonda. Kupepesa n'kwabwino, koma sikubweza zimene waononga. Mnzako akati akumva kuwawa, umumvere nthawi yomweyo, chifukwa ukadzabwera ndi pepani wako, wogona ndi ululu amakhala iye, osati iwe.