Malo Amodzi m'Boti la Mayi Fonseka

Kalekale, paini wa paphiri la Zomba asanayambe kutha, m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi munkakhala abale atatu a bere limodzi. Wamkulu anali Lemani, wachiwiri anali mlongo wawo Mwaiwawo, ndipo chitsirizira anali Dzinkambani. Bambo awo pomwalira sanawasiyire munda kapena ziweto. Anawasiyira ntchito yoperekeza alendo odzawedza nsomba zamawangamawanga za m'madzi ozizira a paphiripo, zimene anthu ankazitcha tirauti.

Kuwedza kwake sikunali kwa nyongolotsi. Pambedza ankamangirirapo tinthenga ndi ulusi mpaka ioneke ngati kachilombo kouluka. Kenako woponya ankavinitsa chingwe m'mwamba ndi ndodo yaitali yowetama, n'kuteretsa mbedzayo pamadzi mwakachetechete, kuti nsomba iyese ndi kachilombo kagwa mumtengo.

Lemani anatengera maso a bambo ake. Akayang'ana madzi ankadziwa pamene nsomba yabisala ndi chimene ikudya tsiku limenelo. Mwaiwawo anatengera zala. Nyambo zonse ankamanga ndi iye, ndi nthenga za nkhanga ndi za tambala. Dzinkambani anatengera mkono. Ankatha kuponya mbedza kutsidya n'kuiteretsa pansi pa nthambi osakola tsamba.

Koma mwa atatuwa panalibe amene mtima wake unali m'malo. Alendo ankachepa chaka ndi chaka, ndipo maiwe ena anali atayamba kudzaza mchenga. Mkazi wa Lemani sankatopa kumufunsa kuti ana akamakula adzadya mtsinje kodi. Mwaiwawo anali asanatsogolerepo mlendo chibadwire, poti bambo awo ankati si ntchito ya akazi. Iye ankangonyamula dengu kumbuyo, n'kumamva alendo akutamanda alongo ake chifukwa cha nsomba zogwidwa ndi nthenga zake. Dzinkambani ndiye sankakhazikika n'komwe. Phirilo linkamupanikiza ngati malaya a ubwana, ndipo mlendo aliyense ankamufunsa za kwawo mpaka kumutopetsa.

Chaka china, mvula itangoyamba, kunabwera mayi wachikulire dzina lake mayi Fonseka, wochokera kugombe la nyanja yamchere ku Mozambiki. Ankalankhula Chinyanja chothyokathyoka chimene anatola kwa antchito ake a ku Tete. Popuma ankawasimbira abale atatuwo za kwawo. Ankati kumeneko munthu umayenda m'nyanja mtunda wautali madzi osapitirira m'mawondo, pansi pali mchenga woyera ngati ufa. Nsomba zake zimangooneka ngati mithunzi, ndipo ikaluma mbedza imathawa ndi chingwe mpaka zala kupsa. Anawauzanso kuti ali ndi maboti owedzetsa alendo. Abalewo ankamvetsera osayang'anana.

Mayiyu anali atagwira nsomba zingapo zing'onozing'ono, koma ankafuna yaikulu asanabwerere. Lemani ankadziwa dziwe lina m'chigwembe, pamene mtsinje umadutsa pakati pa makoma a miyala. M'mawa wa tsiku lopita kudziweko dzuwa linawala bwino, koma kumtunda kwa phiri kunali mdima wa mitambo.

"Achimwene, mitambo iyo mwaiona?" anafunsa Mwaiwawo.

Lemani anayankha kuti waiona, koma adzakhala atatuluka m'chigwembemo mvula isanagwe. Mwaiwawo sanatsutse. Anangotenga chingwe cha khonje n'kupatsa Dzinkambani kuti anyamule. Dzinkambani anadandaula kuti n'cholemetsa chabe, nachiponya pakhonde. Mwaiwawo anachitola n'kuchiika m'dengu lake.

Atafika, mayi Fonseka anavala majombo awo aatali ofika pachifuwa, nalowa m'madzi pamodzi ndi Lemani mpaka pakati pa dziwe. Sipanatenge nthawi, nsomba yaikulu inaluma. Ndodo inawerama, mayiwo n'kuyamba kuseka ngati kamtsikana.

Lemani sankayang'ana nsombayo. Anamva madzi akuzizira mwachilendo m'miyendo mwake. Anaona masamba a paini ndi thovu lofiirira zikuyandama, ndipo mbalame za m'chigwembe zinali zitasiya kulira. Anauza mayiwo kuti atuluke msanga. Iwo anati adikire pang'ono, nsomba yatsala pang'ono kutopa. Lemani sanadikire. Anasolola mpeni n'kudula chingwe, nawagwira pamkono. Mayiwo anamukalipira m'chilankhulo chakwawo, koma mawu awo anamezedwa ndi mkokomo wochokera kumtunda. Gombe linali patali, choncho Lemani anawakokera pathanthwe limene linali pakati pa mtsinje. Atangokwerapo, napolo anafika ndi matope, miyala ndi mitengo. Chipika china chinamenya Lemani n'kumuthyola mkono wamanja. Iye sanawataye. Anawagwira ndi wamanzere, naponda mwamphamvu mumng'alu wa thanthwe, madzi akukwerakwerabe.

Dzinkambani anali kugombe. Kusambira kunali kosatheka. Anasolola chingwe cha khonje chija m'dengu la Mwaiwawo nayesa kuchiponya, koma chinkagwera pafupi n'kutengedwa ndi madzi. Pamenepo anatola ndodo yake yowedzera. Kumbuyo kwake kunali khoma la miyala, malo ovinitsira chingwe panalibe, ndipo mphepo ya m'chigwembe inkawomba mosokoneza. Anaponya, mbedza inagwera m'madzi. Anaponyanso, mphepo inaibweza. Madzi anali atafika m'chiuno mwa anthu a pathanthwe paja. Anatsikira m'madzi mpaka m'mawondo, nadikira mphepo ipume, n'kuponya chopendekeka. Mbedza inakatera pachifuwa pa Lemani n'kukola malaya. Dzinkambani analumikiza chingwe cha khonje kumapeto kwa chingwe chowedzera, mayi Fonseka n'kuchikoka mpaka chinawafika. Lemani anawamanga m'chiuno ndi dzanja limodzi ndi mano. Dzinkambani anakulunga mbali yake pamtengo n'kuyamba kukoka, khonje likumusupula zikhatho.

Ali pakati pa madzi, majombo aatali aja anadzaza madzi n'kuwamiza mayiwo. Chingwe chinawafikitsa kufupi ndi gombe, koma anakodwa pansi pa mizu, ndipo Dzinkambani akakoka sankasuntha. Mwaiwawo anagwira chingwecho n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi. Anafufuza ndi manja m'matopemo, natulutsa lezala limene ankadulira nthenga, n'kung'amba majombowo mpaka mayiwo anasololoka. Atawagoneka pamtunda, milomo yawo inali ngati phulusa ndipo sankapuma. Dzinkambani anati afa basi, nathamangira kukaponyera mkulu wake chingwe. Mwaiwawo anatsala yekha. Anawapsinja pachifuwa n'kumawapumira m'kamwa, monga anaonera kwa namwino wina amene anadzawedzapo kale. Manja anachita dzanzi koma sanaleke, mpaka mayiwo anatsokomola n'kusanza madzi amatope. Anawavula zonyowa, nawafunda chitenje chake, n'kuwabereka kumsana kukwera nawo njira yoterera ya m'chigwembe. Kumbuyo kwake kunkabwera Dzinkambani atakoleka Lemani paphewa.

Mayi Fonseka anagona m'chipatala cha kumunsi kwa phiri kufikira atapezako mphamvu. Tsiku lina anaitanitsa abale atatuwo. Lemani anabwera mkono uli m'chikhakha, Dzinkambani zikhatho zili m'mabandeji. Mayiwo anawauza kuti iwo alibe mwana, ndipo boti lawo lina langokhala pamchenga chifukwa amene ankaliyendetsa wakalamba. Anati akufuna atenge mmodzi wa iwo akamuphunzitse nyanja, ndipo tsiku limene iwo adzasiye ntchito, botilo lidzakhala lake. Botilo linali limodzi, ndipo a boma lakwawo akanalola munthu wakunja mmodzi yekha kukagwira ntchitoyo.

Lemani anafunsa mwaulemu kuti mwa atatuwo asankha yani.

"Ine ndikukumbukira nsomba ija," anatero mayiwo. "Kenako ndinadzidzimuka ndili kumsana kwa munthu. Zapakatipo zili ngati utsi. Mukuzidziwa ndinu. Amene anandipulumutsa ndiye akwere nane galimoto Loweruka."

 Nkhani inabuka abalewo atafika pabwalo la nyumba yawo kuphiri. Lemani ndiye anayamba. Anati akanapanda kuona madziwo n'kudula chingwe, napolo akanawapeza mayiwo ali chilili pakati pa dziwe, ndipo sipakanakhala woti n'kumuponyera chingwe kapena kumupumira m'kamwa. Analoza mkono wake, n'kunena kuti mwina sudzaponyanso mbedza, pamene kunyanja ntchito yaikulu ndi ya maso. Anatchulanso za ana ake.

"Nanga anawalowetsa m'chigwembemo ndani, achimwene, mitambo mutaiona?" anafunsa Dzinkambani.

Lemani anati kulakwa kwa m'mawa anakulipira ndi fupa lake.

Dzinkambani anapitiriza. Anati pathanthwe paja akanafera onse awiri, chifukwa madzi anadzaliphimba lonse. Anati paphiri lonselo panalibe wina akanaponya mbedza ija, ndipo iye anapulumutsa anthu awiri, osati mmodzi. Anawonjeza kuti iye ndi wamng'ono, alibe banja lomukoka, ndipo chilankhulo cha kumeneko angachiphunzire msanga. Akakhala pano chaka china, anatero, adzangodzuka tsiku lina n'kulowera kulikonse.

Mwaiwawo anamusiya amalize. Kenako anamufunsa kuti anakoka ndi chiyani, popeza chingwe anachisiya pakhonde. Anamukumbutsanso kuti chingwecho chinangofikitsa mayiwo pansi pa mizu, ndi kuti iye mwini anati afa n'kuchokapo.

"Ndinapita kukatenga achimwene," anatero Dzinkambani. "Mukanakonda ndiwasiye?"

Mwaiwawo anati ayi, anachita bwino. Koma chimene anasiya pagombe paja unali mtembo, ndipo amene anaubweza ndi iye.

Lemani anamuyankha mofatsa kuti anabweza munthu amene awiriwo anamufikitsira. Anatinso Mwaiwawo akapita, ntchito ya bambo awo yathera pomwepo, chifukwa otsalawo sadziwa kumanga nyambo, ndipo nsomba za mumtsinjewu siziluma nyambo zogula.

"Ndiye nditsale chifukwa choti ndine wofunika?" anafunsa Mwaiwawo. "Zaka zonsezi ndayenda kumbuyo kwanu ndi dengu. Mayi aja ndi mkazi ngati ine, ndipo ali ndi maboti."

Anakangana mpaka mawu anawathera. M'mawa mwake anayambiranso, aliyense akubwereza zomwezo mokweza. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzamva, nawonso n'kugawikana patatu. Wocheka matabwa wina anati apite Lemani, poti woona ngozi ndiye mwini chipulumutso. Mkazi wake anamutsutsa pomwepo, nati apite Mwaiwawo. Anyamata onse anali kumbali ya Dzinkambani. Wina anati achite maere, koma atatuwo anakana, aliyense akuti sangaike pa maere chinthu chimene ndi chake kale. Masiku amenewo Lemani ankangozungulira nyumba, Dzinkambani ankatsika kumtsinje n'kubwerako osaponya mbedza, ndipo Mwaiwawo akayamba kumanga nyambo ankaimasulanso.

Loweruka linakwana asanagwirizane. Galimoto ya mayi Fonseka inakwera phiri n'kuima pamsewu, kumunsi kwa nyumba. Dalaivala analiza hutala. Pakhonde panali zikwama zitatu zomangamanga, ndipo pambali pa chilichonse panaima mwini wake. Mayiwo anatsitsa galasi n'kuyang'ana kumtunda, osaloza aliyense. Hutala inaliranso.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mlandu ndausiya m'manja mwanu. Wina anaona madzi n'kugwira mlendo ndi mkono umodzi, koma ndi yemweyo anamulowetsa m'chigwembe. Wina anaponya mbedza imene palibe akanaiponya, koma chingwe anali atachikana. Wina anabweza mpweya, koma akachoka, otsalawo ntchito yawathera. Mwa Lemani, Mwaiwawo ndi Dzinkambani, anyamule chikwama n'kutsikira kumsewu ndani?