Mtengwa Amene Anang'amba Maluwa a Pakhoma

Panali mayi wina wamasiye, aNangozo, amene sankaiwala kanthu. Sukulu sanapite nayo patali, koma mukawafunsa amene anawathandiza kupalira chaka chimene anadwala, ndi amene anangodutsa pamsewu n'kupereka moni, ankakutchulirani onse mayina.

Mwana wawo wamkazi, Lonesi, ankagwira ntchito ku Joni. Chinkhoswe chake chinali choti chichitike nthawi ya Khirisimasi. Ndiye dzuwa likadali lotentha, anatumiza pa basi mipukutu ya mapepala omata kukhoma, a maluwa ofiira, ndi timapaketi ta guluu wosungunula m'madzi. Anati akuchimuna akadzalowa pabalaza asadzaone pulasitala wakuda ndi utsi wa koloboyi.

Tsiku lomata analipo a Wedisoni, mlongo wawo wa aNangozo, amene anabwera ndi sizasi. Analipo Zakeyu, mwana wawo wamwamuna. Analiponso amayi a kwaya oyandikana nawo nyumba. Amene kunalibe ndi mtengwa, mkazi wa Zakeyu, make Tiyese. Iye anali kwawo ku Madisi kukadwazika mayi ake. ANangozo anangoziika mumtima.

Anayeza khoma ndi chingwe, nadula, nalumikiza duwa ndi duwa linzake, nasalaza ndi kansalu kuti mpweya utuluke. Makoma atatu anatha bwinobwino. Pofika pa khoma lotsiriza, lomwe kuseri kwake kunkagona adzukulu, guluu uja anatha. Mayi wina wa kwaya anati palibe vuto, paja phala la chinangwa lakhala likumata nyuzipepala m'nyumba zathu kuyambira kale. Anaphika phalalo, nalipaka, ndipo linagwira kuposa guluu wa ku Joni. A Wedisoni anati njala ikadzavuta ana azidzanyambita khoma, ndipo onse anaseka.

ANangozo sankagona ndi zabwino za munthu osabweza. A Wedisoni anapita ndi tambala. Amayi a kwaya anapita ndi mtedza m'zitenje. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anawathokozanso mmodzimmodzi, anthu akumva.

Mtengwa atabwerako anapatsidwa ntchito yopukuta, poti kumata sanamate nawo. Ankanyowetsa kansalu, n'kufinya mpaka kasiye kudontha, n'kupukuta kuchokera m'mwamba kutsika, mopanda sopo, osakhula. Maluwa aja ankawala, ndipo aliyense wobwera ankayamika amene anamata.

Mvula inayamba. M'mawa wina, mtengwa akupukuta khoma lotsiriza lija, chala chake chinabowola duwa, dothi n'kuyoyoka. Anatsamiritsa khutu. Mkatimo munkamveka kutheteka kwapansipansi, ngati mvula yowaza pa masamba ouma.

Anauza mwamuna wake. Zakeyu anati zidikire chinkhoswe chidutse. Mtengwa anakagwada kwa apongozi ake nawauza kuti kuseri kwa pepala kuli chiswe. ANangozo anayang'ana khomalo, naona maluwa okhaokha. Anati amene sanamate sadziwa kuwawa kwa msana, ndipo pepala la mwana wawo asalikhudze munthu.

Patatsala masiku ochepa kuti chinkhoswe chichitike, aNangozo anapita kuchigayo ndi amayi anzawo kukagayitsa za chinkhoswe. Mtengwa anatereka madzi. Atafunda, ananyowetsa pepala la khoma lija mpaka linafewa, natenga mpeni wosendera mbatata, nayamba kupala kuyambira pansi.

ANangozo anabwerako ndi amayi aja, malichero ndi matumba ali kumutu. Pakhonde anapeza maluwa onyowa ataunjikidwa m'beseni. Mtima unawawira, ndipo sanadikire kuti alendo atule katundu.

"Make Tiyese, pomata munathawa, pong'amba ndiye mwachangamuka. Kwanu ku Madisi ndi zimene amaphunzitsa ana zimenezi?"

Mtengwa anagwada pakhomo, nati, "Amayi, talowani muone," naloza m'mwamba ndi mpeni uja.

Khoma lonse linali misewu ya dothi. Chiswe chinatsata phala la chinangwa kuchokera pansi, chinadya pepala kuseri n'kusiya khungu la maluwa lokha, ndipo chinali chitafika kale ku mtanda wa bulugamu wonyamula denga. Anaitana a Wedisoni. Iwo anakwera patebulo, nadina mtandawo ndi chala chachikulu, ndipo chinalowa ngati m'papaya wakupsa. Tsiku limenelo sanachite nthabwala. Mtandawo unkadutsa pamwamba pa mphasa ya adzukulu, ndipo padenga panali miyala ikuluikulu yotsendereza malata kuti asauluke ndi mphepo.

ANangozo anakhala pansi pomwepo, ufa uli m'tsitsi. Anaitana Tiyese ndi mng'ono wake, nawagwira m'mapewa nthawi yaitali.

Mtanda unasinthidwa. Khoma analipala, nathira mankhwala a chiswe m'munsi mwake, nalipaka laimu. Chinkhoswe chinachitika pabalaza pa makoma atatu a maluwa ndi limodzi loyera. Nkhoswe ya kuchimuna inayang'anayang'ana, niti ana a ku Joni amadziwadi masitayelo. Palibe anaitsutsa. Usiku wa tsiku lotsatira kunagwa mvula yamkuntho imene inasasula madenga m'mudzimo, koma la aNangozo linangolira, osasuntha.

Alendo atabalalika, aNangozo anatenga chitenje chatsopano chimene Lonesi anawabweretsera, nalowa nacho kukhitchini kumene mtengwa ankatsuka mapoto. Anachiika pa mtondo, nati, "Mwandisungira ana, make Tiyese." Mtengwa anawomba m'manja, nalandira.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akamva adzukulu akukanganirana bulangete kuseri kwa khoma loyera lija, aNangozo ankathokoza Mulungu, kenako ankathokoza mtengwa wawo chamumtima. Koma iwo anali munthu wodziwa kuyeza. Ankadziwa kuti chipongwe anachipereka pakhonde, pamaso pa amayi a mudzi, atatchulamo ndi kwawo kwa mwana wa eni. Zikomo anamupereka kukhitchini, mboni zake mapoto.

Tsono inu ana anga, womata maluwa savuta kumuthokoza, poti ntchito yake imaoneka ndi wodutsa yemwe. Koma m'banja lililonse mumakhala wina amene anang'amba chokongola chanu kuti denga lisakugwereni, ndipo mwina munamulipira ndi mawu owawa. Mumufunefune. Ndipo pomwe munamunyozera, mukamuthokozere pomwepo.

Za kwa aNangozo zili motere. Tambala wa a Wedisoni anaperekedwa. Mtedza wa amayi a kwaya unaperekedwa. Chitenje chinaperekedwa, ndipo make Tiyese amachivala kutchalitchi. Chatsala ndi zikomo wa pakhonde, pamaso pa amayi omwe aja, ndi mawu amodzi otsuka dzina la ku Madisi. Khondelo lilipo, amayiwo akadali moyo, ndipo make Tiyese sanafunsepo.