Nsalu Yopanda Mwini

Kalekale, anthu asanayambe kuloza nsalu ndi chala m'sitolo, kunali mudzi wina kuchigwa kumene thonje linkabereka bwino. M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Dzimbiri. Kwawo kunali kuseri kwa mapiri, ndipo pobwera kudzakwatira anangonyamula khasu, mphasa ndi chowombera nsalu.

Musaganize kuti chowomberacho chinali chinthu chachikulu, ana inu. Zinali zikhomo zokhoma pansi, timitanda tiwiri tomangirapo ulusi, ndi thabwa losalala logogodera. Munthu ankakhala pansi msana utapindika. Kupititsa ulusi uku, kugogoda. Kuubweza uko, kugogoda. Dzuwa likamalowa, nsalu ya tsiku lonse inkangokwana chikhatho. Apotu sindinawerengere kutola thonje, kulichotsa njere ndi kulipota mpaka zala kuchita dzanzi.

Ndiye ukamwini mukuumva mbiri yake. M'mawa kumunda kwa apongozi. Masana denga la apongozi ladontha. Madzulo mbuzi ya alamu yasowa. Dzimbiri ankafika pachowombera chake atatopa kale. Sanali munthu wodandaula. Ankangousa moyo, n'kukhala pansi.

Mkazi wake anali Nankhoma. Awiriwa ankakondana, koma m'nyumba mwawo munali nkhani imodzi yomwe sankaitchula. Chaka china, Nankhoma ali ndi pakati, chimwemwe chinamupitirira Dzimbiri. Anawomba mbereko, nsalu yoberekera mwana kumbuyo, n'kumaonetsa aliyense wodutsa.

"Iyi ndi mbereko ya mwana wanga," ankatero.

Akuluakulu anamukumbutsa kuti sagula mbereko mwana asanabadwe. Iye anangoseka.

"Ine sindinagule," anatero. "Ndawomba."

Mwana anabadwa, koma sanatuluke m'chikuta, m'nyumba muja mayi ndi khanda amabindikira mpaka mchombo utagwa. Amayi a m'mudzi anakamuika okha, atamukulunga m'mbereko yomwe ija. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti mbereko sanatulukenso pakamwa pa Dzimbiri.

Zaka zinapita. Tsiku lina Dzimbiri anaona mkazi wake akukankhira kutali ndiwo zimene ankazikonda, n'kumapempha bwemba wowawasa. Anadziwa. Nankhoma naye anadziwa kuti mwamuna wake wadziwa. Koma palibe amene anayankhula, poti onse anali ndi mantha.

Dzimbiri anayamba kulimbana ndi mtima wake. Akapanda kuwomba, mwana adzatuluka m'chikuta ataberekedwa ndi chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo, yokanda ngati chisa cha mbalame. Mwana wa mmisiri wowomba nsalu, m'chiwondo. Akawomba, nanga zija zakale? Anaganiza, anaganiza, mpaka anapeza nzeru yake.

"Tsoka lili ndi makutu, koma lilibe maso," anadziuza. "Ulendo uja linamva chifukwa ndinatchula. Ulendo uno ndiwomba, koma sinditchula."

Nankhoma anali akusinja pabwalo. Dzimbiri anayang'ana msana wake nthawi yaitali, kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, kenaka anakhoma zikhomo zake pansi pa mtengo wa mthethe. Anayala ulusi, nayamba kuwomba, akuyimba chapansipansi:

*Go, go, thabwa langa,*
*Msana wanga wathera pano.*
*Wofunsa mumuuze,*
*Nsalu ilibe mwini.*

Anawomba, anawomba, anawomba. Mwezi unatuluka, unafa, unatulukanso. Nsalu inatha. Inali yoyera, yolimba, ya mizere yakuda m'mphepete. Tsiku limene ankaidula pachowombera, anamva munthu akutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Anali apongozi ake, mayi a Nankhoma. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi sankayang'anizana. Iwo anakhala kuseri kwa nkhokwe, iye anagwada atayang'ana kumbali.

"Mwaswera, akamwini?"

"Ndaswera, kaya inu amayi."

"Taswera. Nanga nsalu yokongolayi ndi ya yani?"

Mawu aja oti mbereko anafika pakhosi pa Dzimbiri, iye n'kuwameza.

"Ilibe mwini, amayi."

"Ilibe mwini? Ndiye yapeza mwini. Yangayi yatha, mawondo ali pamtunda."

Mkamwini angakanize apongozi chinthu chimene wanena yekha kuti chilibe mwini? Dzimbiri anaipinda bwinobwino, anaiika pamtondo, nabwerera chafutambuyo. Dzanja linatuluka kuseri kwa nkhokwe, nsalu n'kupita. Nankhoma anali pakhonde akupeta. Sanadzutse mutu n'komwe, ndipo zimenezo zinamupweteka Dzimbiri kuposa nsalu ija.

Chinamupwetekanso china. Apongozi aja sanaisunge nsaluyo kuti azivala pa zikondwerero. Ankaivala tsiku ndi tsiku. Kumunda, yomweyo. Kunkhuni, yomweyo. Posinja, yomweyo. Akapita kumtsinje ankaimenyetsa pamwala, phwa, phwa, mpaka Dzimbiri kumva ali pachowombera. Mizere yakuda ija inayamba kufwifwa. Iye akaona choncho ankangoyang'ana pansi.

Anausa moyo. Anatenga thonje lina m'dengu, analichotsa njere, analipota, nayalanso ulusi. Tsopano inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo. Mthethe unayoyola masamba, mthunzi n'kuthawa. Thukuta linkagwera pa ulusi.

*Go, go, thabwa langa,*
*Msana wanga wathera pano.*
*Wofunsa mumuuze,*
*Nsalu ilibe mwini.*

Anawomba, anawomba, anawomba. Nsalu yachiwiri inatha. Asanaipinde n'komwe, panatulukira mlamu wake, mchimwene wa Nankhoma, dzina lake Kalonjere. Ameneyu anali munthu wa pakamwa pokoma ndi manja ofewa. Khasu likamuona linkadziwa kuti lero lipumula.

"Alamu, alamu, manja anuwa ndi a munthu kodi? Taonani nsalu iyi. Ndi ya yani?"

Dzimbiri anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi.

"Ilibe mwini."

"Mwandithandiza. Ndikupita kukafunsira mbeta kutsidya. Ndingapite ndi chiwondo ngati nyani wagwa mumtengo? Ndikabweza, alamu, ndikabweza."

Anaikulunga m'chiuno pomwepo, nanyamuka akuyimba mluzu. Mbeta ija inamukana, koma nsalu sinabwere. Anasinthanitsa ndi mchere ndi fodya panjira.

Tsiku limenelo Dzimbiri sanadye. Nankhoma anamuikira chakudya, iye anangochiyang'ana.

"Bwanji simukudya, abambo?"

"Ndatopa."

"Mwatopa ndi chiyani?"

"Ndi kuwombera mudzi wonse."

Nankhoma anaimirira. Anagwira mimba yake, yomwe tsopano inali itakula, natuluka panja. Dzimbiri anakhala yekha, mtima ukumuwawa. Ankaganiza kuti mkazi wake sakuona chimene iye akuvutikira.

M'dengu munangotsala thonje la pansi, lofiirira, lodzaza zinyalala. Analitola limodzilimodzi. Anapita kumunda wakale kukakunkha lotsalira m'mapesi. Mvula inagwa, pansi pa mthethe panasanduka matope, ndipo anazula zikhomo n'kukazikhoma pakhonde. Ndiye mvula ikagwa, khasu silidikira munthu. M'mawa kupalira kwa apongozi, masana kupalira kwake, madzulo pachowombera maso akulemera. Ulusi wonyowa unkaduka. Kulumikiza, kugogoda, kuduka. Kulumikiza, kugogoda, kuduka. Nyimbo ija anasiya kuyimba. Linkangomveka thabwa lokha, mwa apo ndi apo.

Nsalu yachitatu isanafike n'pakati pomwe, tsiku lina Dzimbiri akuchokera kumunda anapeza amayi achikulire atadzaza pakhomo pake.

"Bambo, kakhaleni kwa anzanu," anamuuza. "Kuno lero n'kwa amayi."

Anakakhala pachitsa kuseri kwa khola, khasu lili m'manja. Sanadziwe kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji. Kenaka anamva kulira kwa khanda, ndi nthungululu pambuyo pake. Mayi wina anabwera kudzamuuza kuti kwabwera mlendo, mtsikana, ndipo onse ali bwino.

Dzimbiri anasangalala, koma mantha sanachoke. Ulendo uja nawo khanda linalira. Ndipo mbereko kunalibe.

Masiku a chikuta ndi ochepa, ana inu. Dzimbiri anakhala pachowombera osadzukapo. Ankafuna kuti mwezi wathunthu wa ntchito ulowe m'masiku amenewo. Zala zinatupa. Msana unauma ngati mtengo. Akafulumira, ulusi n'kuduka. Akachedwa, dzuwa n'kulowa. Mapeto ake thonje linatheratu, nsalu ikadali yosakwana kufunditsa ngakhale mwana wa mbuzi.

Mchombo unagwa. Anamuuza kuti mwana atuluka mawa lake m'mawa.

Kutacha, Dzimbiri anatenga chiwondo chakale, anachiyala pachipika, nayamba kuchimenya ndi chibonga kuti mwina chifeweko. Ankamenya mofooka. Manyazi anali atamugwira, ndipo anali atatopa moti ngakhale kukwiya sakanatha. Ali mkati momenya, anamva kutsokomola kuseri kwa nkhokwe.

Anagwada, nayang'ana kumbali.

"Mwadzuka, akamwini?"

"Ndadzuka, kaya inu amayi."

"Tadzuka. Mukumenya chiyani?"

"Chiwondo, amayi."

"Chisiyeni. Yang'anani pamtondopo."

Pamtondo panali nsalu yopindidwa. Dzimbiri anaizindikira ndi mizere yake yofwifwa. Inali nsalu yoyamba ija. Anaitola, ndipo manja ake anadabwa. Pochoka pachowombera inali yolimba, yokhakhala. Tsopano inali yofewa ngati khutu la mbuzi.

"Nsalu yatsopano imasupula khanda m'khwapa," anatero apongozi kuseri kuja. "Inu amuna mumadziwa kuwomba, koma simunaberekepo mwana. Imafuna munthu aivale, aichape, aimenye pamwala mpaka igonje. Mwala wakumtsinje uja wandithera mapewa. Musaganize kuti wotopa ndinu nokha pamudzi pano."

Dzimbiri anagwadanso. Anangowomba m'manja pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

Chitseko chinatseguka. Nankhoma anatuluka atanyamula khanda m'manja, amayi ena ali pambuyo pake. Anali wowonda, wotuwa, koma akumwetulira. Anabwera n'kukhala pamphasa pafupi ndi mwamuna wake.

"Amayi ndinawatuma ndine," anatero motsitsa mawu. "Ndinkaopa kugona nayo m'nyumba. Ndinati akaitenge, ikakhale yawo kufikira tsiku lake."

"Unadziwa bwanji? Ine sindinatchule."

"Musanakhome zikhomo munayang'ana msana wanga ndikusinja. Mumayesa ndilibe maso kumbuyo?"

"Nanga yachiwiri ija? Alamu unawatumanso ndiwe?"

"Achimwene? Amenewo sindinawatume. Linali dyera lawo basi."

Amayi aja anaseka. Kuseri kwa nkhokwe nakonso kunamveka kuseka.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa Dzimbiri. "Ndikanapumulako."

"Ndikanakuuzani ndi mawu ati, abambo? Mawu ake ndi omwe aja tonse tinkawaopa. Ndinkakuonani mukutha pachowomberapo, mtima n'kumandiwawa."

Khanda linayasamula, linatambasula kadzanja. Kenaka Nankhoma analoza nsalu imene inali pamiyendo pa mwamuna wake.

"Ndiye tiuzeni, amisiri. Nsalu iyi ndi ya yani?"

"Ilibe..." anayamba Dzimbiri, poti lilime linali litazolowera. Anaima. Anayang'ana mwana uja, mwana wamoyo, ali panja, dzuwa likumuwala pamphumi.

"Ndi mbereko," anatero. "Mbereko ya mwana wanga."

Misozi inatsika, ndipo sanaibise. Nankhoma anawerama, mayi wina anamuika khanda kumbuyo, Dzimbiri n'kuyala nsalu ija pamwamba ndi manja ake otupa. Inakwana ndendende, kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Nankhoma anaimanga pachifuwa, nayenda pang'ono pabwalo. Mwana sanalire.

Dzimbiri anabwerera pakhonde, anakhala pafupi ndi chowombera chake, natsamira khoma kuti apumule pang'ono. Tulo tinamutenga pomwepo, dzuwa likungokwera kumene. Kalonjere anabwera kudzanena kuti mbuzi yasowanso, koma mawu anatuluka kuseri kwa nkhokwe.

"Kafune wekha. Akamwini agona."

Ulusi wanga wathera pamenepa, ana inu, nthano ndaidula pachowombera. Si aliyense wokulanda chinthu amene wakubera, ena amakhala akukusungira.